Pepala likumapindika, chionetsero chayandikira, ndipange bwanji?

Wodula_mapepala:
Abale ndithandizeni, ndimapanga zithunzi zodula mapepala komanso za watercolour (utoto wosungunula ndi madzi), mwezi wamawa ndili ndi chionetsero changa choyamba koma pepala likumapindika ndikangopaka madzi, chithunzi china chachita makwinya pakati penipeni mpaka misozi inalengeza. Komanso anthu ndiwakope bwanji kuti abwere?

Bulashi_yakale:
Asisi musataye mtima, pepala lanulo ndi lopyapyala basi. Sakani lochindikala la 300gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), makamaka la thonje. Ngati muli ndi lopyapyalalo linyowetseni kaye mulimate pa bolodi ndi tepi ya gamu mbali zonse zinayi, likauma limakungika ngati ng'oma, muzipenta lili pomwepo, kulichotsa pokhapokha litaumiratu.

Mayi_wa_utoto:
Ine nkhawa yanga ili pa felemu. Pepala lisakhudze galasi chonde, ikani mount (katoni yozungulira chithunzi m'mbali) pakati, apo ayi chinyezi chimabweretsa nkhungu. Selotepi musayerekeze, ndinamatira nayo chithunzi cha mbalame chomwe ndinadula sabata zitatu, patapita zaka ziwiri m'makona munali zipsera zachikasu, zimandiwawabe mpaka pano. Guluu akhale acid-free (wopanda asidi), ndipo musapachike poomba dzuwa, utoto umasuluka.

Kapenta22:
Zokopa anthu yambani lero. Jambulani kavidiyo manja anu akudula ndi kampeni kaja, muponye pa Instagram ndi pa status ya WhatsApp, anthu amakonda kuona ntchito ikuchitika. Zithunzi tolani pafupi ndi windo masana, flash ayi, musanaike galasi.

Wodula_mapepala:
Zikomo kwambiri nonse, bolodi ndili nayo kale, madzulo ano ndiyesa kumata.