Cacık ikuchita madzi, ikuwawanso. Ndithandizeni

Wa ku Joni: Akuluakulu, mutu waima. Sabata yachitatu ino ndili mbali ya masaladi pa lesitilanti ya anthu a ku Turkey kuno ku Johannesburg. Cacık, chakudya chawo cha yogati ndi nkhaka, ndimakonza 10 koloko, pofika 1 koloko madzi ali yandayanda pamwamba. Dzulo bwana angolawa kamodzi, beseni lonse m'bini, akuti ikuwawa. Nkhaka ndimapala pa gireta, kenako yogati, adyo, mchere, minti youma, mafuta a olive. Ndikuphonya pati? Lachisanu kumadzaza.

Mayi wa ku Cape Town: Achimwene, gireta imeneyo isiyeni. Nkhaka ndi madzi okhaokha, pafupifupi magawo 95 pa 100, ndiye mukaipala n'kuthira mchere m'yogati momwemo imangokhetsa. Dulani ndi mpeni tizidutswa ting'onoting'ono, wazani mchere, zikhale m'sefa mphindi 20, finyani. Koma yambani mwafunsa bwanayo kuti akufuna iti. Ilipo cacık yamadzimadzi yomwera supuni, amathiramo dala madzi ozizira. Ya pa meze, timbale ta tizakudya toyambira tija, ndi yolimba, imafuna süzme, yogati yokhetsedwa pa nsalu.

Madala a pa grill: Kuwawako n'kosavuta mwana wanga. Dula nsonga, pekesa pomwe wadulapo mpaka thovu loyera lituluke. Basi.

Wolima kudimba: Madala, kuwawa kumachokera kumunda. Mbewu ikasowa madzi kapena ikapsa ndi dzuwa imachulukitsa mankhwala ake otchedwa cucurbitacin, ndipo amakhala kwambiri kukhungu ndi mbali ya kuphesi. Dulani mbali imeneyo mowolowa manja, sendani, lawani nkhaka iliyonse musanaisakanize. Imodzi yokha imaononga beseni. Yowawa kwambiri tayani, imatsegula m'mimba. Musayese kuibisa ndi shuga.

Madala a pa grill: Ine ndapekesa nkhaka zaka zonsezi, kasitomala sanabwezepo mbale.

Mayi wa ku Cape Town: Chenjeraninso ndi adyo. Ine nditangoyamba ndinasinja adyo madzulo n'kumusiya m'yogati usiku wonse m'firiji kuti m'mawa ntchito ichepe. Kutacha fungo lake linali laukali, lilime kuyabwa. Malita asanu anapita, anandidula pa malipiro, mwezi umenewo kumudzi sindinatumize kanthu. Mpaka lero adyo ndimasinja nthawi yomweyo. Ndipo wina asakunamizeni kuti maas alowe m'malo mwa yogati chifukwa akufanana ndi chambiko. Anthu a ku Turkey aja amazindikira ndi supuni yoyamba.

Wa ku Joni: Nkhaka zake ndi zazitali zija zokutira pulasitiki. Bwana amangodandaula kuti si za kwawo.

Wolima kudimba: Kwawo anazolowera zazifupi, zakhungu lopyapyala, njere zochepa. Za ku Çengelköy ku Istanbul ndiye amazitama kwambiri. Zazitalizo kawirikawiri siziwawa, koma pakati pake m'pamadzi. Ng'ambani pakati, kokolani njere ndi supuni. Ngati zimenezo zikuwawa, onaninso minti ndi mafuta anu, mwina zakhalitsa.

Madala a pa grill: Zazitali, zazifupi, zonse n'kupekesa. Tayesa kaye uone thovulo.

Mlongo wa ku Pretoria: Pepani kulowerera. Alipo amene amaika turşu, nkhaka zosunga m'madzi a mchere zija? Nkhaka zanga zikumafewa m'botolo sabata isanathe, mchere ndimathira wa patebulo womwewu.