Kernel ikugwa chingwe cha sikelo ya USB chikagwedezeka

Chisale_Kamwendo

Abale, ndithandizeni nzeru. Pa depoti yogulira soya ndi mtedza kuno kwa Kamwendo ku Mchinji tili ndi sikelo yolumikizidwa pa USB ku Raspberry Pi 4 ya kernel 6.6, 64-bit. Driver yake ndi module yolembedwa pamanja. Imagwira bwino, koma thumba likakhudza chingwe kapena magetsi akaphethira, dmesg (mauthenga a kernel) imaonetsa -71 kangapo, kenako "USB disconnect", kenako Oops, uthenga wa kugwa kwa kernel. Mu call trace muli sikelo_retry_work ndi process_one_work. Nthawi zina makina amangouma osasiya uthenga. Mu disconnect muli usb_deregister_dev ndi kfree basi. Ndiyambire pati?

Nabanda_K

A Chisale, trace yanuyo yaulula kale wolakwa. Ambiri amathamangira kunena kuti URB (pempho lotumiza kapena kulandira data pa USB) yamaliza mochedwa, koma USB core imaimitsa ma URB a pa endpoint za interface isanaitane disconnect, pokhapokha driver itayatsa soft_unbind ndipo chipangizo chikadali cholumikizidwa. Imene core siidziwa ndi work yanu, ntchito yomwe driver imaika pamzere kuti worker wa kernel adzaichite pambuyo pake. Callback ikalandira -71, yomwe ndi EPROTO, imaika work pamzere kuti iyesenso. Disconnect imafika n'kuchita kfree, ndiye worker akadzuka amagwira struct yomwe yabwezedwa kale. N'chimodzimodzi kutuma mwana kukatapa ufa m'nkhokwe yomwe mwaphwasula.

Mu disconnect tsatani ndondomeko iyi osaisinthanitsa. Yambani ndi usb_deregister_dev kuti pasakhale wotsegulanso chipangizo. Ikani chizindikiro choti chazulidwa, mutagwira mutex (loko woletsa awiri kugwira data nthawi imodzi), kenako muisiye. Itanani usb_poison_urb kuti wina aliyense woyesa kutumizanso URB akanidwe, kenako cancel_work_sync. Samalani apa: mukaitana cancel_work_sync mutagwirabe mutex yomwe work ikuifuna, ziwirizi zidikirana mpaka kalekale, ndipo mwina kuuma mukunenako n'kumeneku.

Pomaliza chotsani kfree, muike kref_put, kuti struct ibwezedwe pokhapokha womaliza kuigwiritsa ntchito akaisiya. Pulogalamu yowerenga makilogalamu imakhala itatsegula fayilo ya mu /dev nthawi yonse, choncho read ikhoza kufika chipangizo chitachoka. Open ichite kref_get, release ichite kref_put, ndipo read ikapeza chizindikiro chija ibweze -ENODEV. Onani drivers/usb/usb-skeleton.c, njira ya kref ili momwemo.

Mu callback namonso, status ikakhala -ENOENT, -ECONNRESET kapena -ESHUTDOWN ingobwererani osaika work.

Mbewe_Santhe

Anabanda anena zoona, koma musakonze musanagwire umboni, chifukwa vuto la mpikisano chonchi limatha kubisala sabata yathunthu n'kudzatulukira tsiku la msika.

Mu /boot/firmware/cmdline.txt onjezani slub_debug=FZPU oops=panic panic=10, zonse pa mzere umodzi womwe ulipowo. Memory yobwezedwa imadzazidwa ndi 0x6b, ndiye mukaona 6b6b6b6b mu ma register a Oops nkhani yatha. KASAN, chida cha mu kernel chofufuza zolakwika za memory, imachita kuposa apo: imatchula mzere womwe unapempha memory, womwe unaibweza ndi womwe unaigwiranso. Koma imafuna kumanganso kernel ndi CONFIG_KASAN, ndipo imadya RAM ndi liwiro, choncho ikhale pa khadi ya SD yoyesera.

Za kuuma kopanda uthenga, gwiritsani ntchito serial. Ikani enable_uart=1 mu config.txt ndi console=serial0,115200 mu cmdline.txt. Adaputala ikhale ya 3.3V, chifukwa ya 5V iwononga GPIO. GND pa pin 6, RX ya adaputala pa pin 8, TX yake pa pin 10. Ramoops, njira ina yosungira uthenga wa Oops, ndi yabwino, koma imasunga uthenga m'RAM, ndiye magetsi akathima zonse zapita.

Kuti mupeze mzere weniweni, mangani module ndi debug info, kenako:

scripts/faddr2line sikelo.ko sikelo_retry_work+0x4c/0x120

Manambala awiri akumapetowo mutenge a mu trace yanu.

Chisale_Kamwendo

Zikomo akuluakulu. Nanga ndingaliyambitse bwanji vutoli mwadala popanda kuthyola doko ndi kuzulazula?

Mbewe_Santhe

Pezani dzina la doko ndi lsusb -t kapena mu dmesg, mwachitsanzo 1-1.3. Lembani 0 kenako 1 mu /sys/bus/usb/devices/1-1.3/authorized mobwerezabwereza, pulogalamu yowerenga ili mkati mogwira ntchito. Dziwani kuti njirayi imayesa disconnect ndi read, koma siibala -71. Kuti work iikidwe pamzere, onjezani kwakanthawi schedule_work koyambirira kwa disconnect, ndi msleep ya 200 mkati mwa work. Driver yakale igwa msanga, yokonzedwa ipirira.

Nabanda_K

Mukatha apo muonenso gwero la -71. Thamangitsani vcgencmd get_throttled. Yankho likapanda kukhala 0x0, onani ngati mu dmesg muli uthenga wa undervoltage. Pi 4 imafuna 5.1V ndi 3A, ndipo machaja a foni olumikizidwa ku inivetala ya sola nthawi zambiri safika pamenepo. Sikelo ipatseni hub ya magetsi akeake, chingwe chikhale chachifupi, ndipo muchimangirire ku mwendo wa tebulo kutali ndi pomwe matumba amatsikira.