Kodi kamba wa paulendo ndi kamba wa chigoba n'pachibale?

Akuluakulu, ndithandizeni pa mawu awa: kamba.

Sabata yatha mwana wanga ankabwerera kusukulu yogonera komweko. Ndinamukazingira mtedza, n'kuwonjezapo mbatata ziwiri zootcha, n'kumanga pakansalu monga ankachitira agogo anga tikamapita kutali. Pomupatsa ndinati, "Tenga kamba wako uyu, udye m'basi." Mwanayo anamasula kansaluko, n'kundifunsa kuti kambayo ali kuti. Iye amangodziwa kamba wa miyendo inayi, uja ena amati fulu, ndi Kamba wa m'mapaketi amene amagula pa golosale. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa kwa ine mawuwa amanunkhira utsi wa kukhitchini kwa agogo m'bandakucha.

M'Chichewa chokha muli akamba angapo. Pali nyama ija, pali chakudya cha panjira, pali kukamba nkhani, ndiponso pali "kamba ka" monga tikamati sanabwere kamba ka mvula. Papepala onsewa ndi zilembo zisanu zomwezo. Zili ngati mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, umene pakamwa timausiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu koma polemba ayi.

Ndiye tulukani kunja. Amene munakapikulako katundu ku Kariakoo ku Dar es Salaam mukudziwa kuti womanga mtolo akamafuula kuti akufuna kamba, ndiye kuti akufuna chingwe. M'Chiswahili chomwecho, mukafika pamsika wa nsomba, kamba ndi tinyama ta m'nyanja ya mchere tija ta ndevu zazitali, timene timafiira tikaphikidwa. Fulu wathu iwo amati kobe. Ku Kenya, Kamba ndi mtundu wa anthu a ku Machakos, Kitui ndi Makueni, ndipo kalembera wa 2019 anawapeza oposa 4.6 miliyoni. Ku Angola, kamba ndi bwenzi, mawu ochokera m'Chikimbundu amene analowa mpaka m'Chipwitikizi cha ku Luanda. Koma Ashona a ku Zimbabwe akati kamba amanena nyama yomweyi ya chigoba. Apa pokha ndimaona ubale weniweni, popeza mawu ndi amodzi, nyamanso ndi imodzi.

Enawo ine ndimakana kuwamangirira pamodzi. Mnzanga wina anandiuza kuti chakudya cha paulendo chinatchedwa kamba chifukwa ankachimanga ndi chingwe, ndiye kuti tinabwereka kwa Aswahili. N'zokoma kumva, koma kufanana kwa zilembo pakokha sikutsimikiza kuti mawu anabadwira nyumba imodzi. Kukanakhala choncho, bwenzi tikunenanso kuti bwenzi la ku Luanda linachokera kwa fulu.

Funso langa loyamba ndi limenelo. Kodi kumudzi kwanu akuluakulu ankafotokoza chiyani za kamba wa paulendo? Amakhudzana ndi nyama ija, yoyenda itasenza zake zonse kumsana, kapena ndi mawu ena oima paokha? Nanga potchula, mumawasiyanitsa awiriwa?

Lachiwiri ndi mwambi uja wakuti "Kamba amanyera yemwe wam'tola." Amene munaweta mbuzi kutchire munaona kuti n'zoona: ukamunyamula amabweza mutu m'chigoba, kenaka manja ako anyowa, chifukwa nyamayo imachita mantha. Agogo ankaunena mwambiwu munthu amene wathandizidwa akabweza chipongwe kwa womuthandiza. Koma amalume anga amaumva mwina. Iwo amati ukatola chinthu kapena kulandira munthu pakhomo, zovuta zake ndi zako, usadandaule ndipo usamutaye. Tanthauzo loyamba likudzudzula wotoledwa, lachiwiri likulangiza wotola, ndipo ine mtima wanga uli kwa amalume, chifukwa kamba sanyera munthu mwadala.

A ku Ntchisi, a ku Dedza, a ku Chipata ndi a ku Angónia, inu munaumva bwanji mwambiwu? Ndipo kwanuko mumati kamba kapena fulu poutchula?