Kodi mikangano yathu ya pa intaneti nthawi ya Covid-19 inali ya matenda kapena ya zipani?

Nangozo, Lilongwe:
Ndili ndi funso kwa inu amene munkatsatira nkhani za mliri wa Covid-19 pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Mu Epulo 2020, boma la a Peter Mutharika litalengeza kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21, khoti lalikulu linaimitsa lamulolo bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litakadandaula, ndipo ambiri tinaombera m'manja. Koma pokonzekera chisankho chobwereza cha mtsogoleri wa dziko cha pa 23 Juni, zipani zonse zinkasonkhanitsa chinamtindi cha anthu opanda chotchinga pakamwa, ndipo aliyense ankadzudzula msonkhano wa chipani cha mnzake n'kukhala chete pa wa chipani chake. Kodi tinkaderadi nkhawa miyoyo ya anthu, kapena matendawa anangosanduka chida chandale?

Phiri, Ndirande:
Mayi Nangozo, za misonkhano ndikugwirizana nanu, koma za m'bindikiro musazisakanize ndi ndale. Mavenda amene anachita zionetsero ku Blantyre ndi ku Mzuzu sanatumidwe ndi chipani ayi, anatumidwa ndi njala. Munthu amene amapikula tomato m'mamawa kuti madzulo agule walkman ya ufa sangakhale m'nyumba milungu itatu popanda womuganizira. Kumbukirani kuti ndondomeko yopereka K35,000 pamwezi kwa mabanja osauka a m'mizinda inalengezedwa khoti litaletsa kale m'bindikiro, pamene imayenera kukhala chinthu choyamba kukonzedwa. Amene ankatinena kuti ndife osamva anali anthu olandira malipiro pakutha pa mwezi, okhala ndi firiji yodzaza, ndipo ndi omwewo amene ankakwanitsa kugula bandulo yolembera tsiku lonse.

Mbewe, Johannesburg:
Ine chimene chimandipwetekabe mtima ndi mmene abale athu obwerera kumudzi ananyozedwera. Ntchito zitatsekedwa kuno, ambiri anakwera mabasi, ndipo mu Meyi 2020 mazana a iwo anasungidwa pa Kamuzu Stadium kudikira zotsatira za kuyezedwa, mpaka ambiri anathawapo podandaula za chakudya, madzi ndi zimbudzi. Pa intaneti anthu ankangoti a ku Joni abweretsa matenda, kuiwala kuti ndi omwewo amene ankatumiza ndalama za fizi ndi feteleza zaka zonsezi. Ofunsa kuti boma linawakonzera chiyani anali ochepa.

Nabanda, namwino:
Amayi ndi abambo, ndiloleni ndiyankhe monga munthu amene anali m'wodi. Mu Januwale 2021 matenda anafika poipa, moti pa 12 mwezi womwewo nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Kumene ndinkagwira ntchito, silinda ya okosijeni inkatha wodwala akukuyang'anani, inu mukungosisita dzanja lake podikira ina. Pa nthawi imeneyo intaneti inagwira ntchito imene sindidzaiwala: a Onjezani Kenani ndi anzawo anatsogolera Amalawi wamba, a kuno ndi a kunja, kusonkha ndalama zogulira zipangizo zothandiza kupuma, ndipo ankaonetsa poyera mmene ndalamazo zayendera. Panalibe wofunsa kuti woperekayo ndi wa mgwirizano wa Tonse kapena wa chipani cha DPP. Anthu omwewo ndi amene anapanikiza boma la a Lazarus Chakwera kuti lifotokoze za K6.2 biliyoni ya Covid, ndipo kafukufuku ataonetsa kuti ndalama zambiri zinathera m'maalawansi ndi kugula katundu mosatsata malamulo, nduna ya zantchito a Ken Kandodo anachotsedwa mu Epulo 2021.

Koma mafoni omwewo anatipweteka pa katemera. Katemera wa AstraZeneca atafika mu Malichi 2021, mauthenga a mawu ankayenda m'magulu a mpingo ndi a pabanja onena kuti amachititsa kusabereka kapena kuti ndi chizindikiro cha 666, ndipo amayi ena anayamba kuopa ngakhale kubweretsa ana kusikelo. Mu Meyi chaka chomwecho boma linatentha katemera 19,610 amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito.

Nangozo, Lilongwe:
Zikomo a Nabanda, ndipo pepani pa zimene munaona. Chimene ndikufuna kudziwabe n'chakuti milandu ya amene anamangidwa pa nkhani ya K6.2 biliyoni ija inathera pati, chifukwa ife amene tinkalemba mokwiya masiku amenewo tinasiya kufunsa nkhani ina itangotuluka.