Za Józef Kostrzewski ndi mitengo ya ku Biskupin

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chimene mitengo ya mudzi wakale wa Biskupin, ku Poland, sinawole, komanso amene anatsogolera ntchito youfukula. Tsopano ndapeza mayankho.

Mtsogoleriyo anali Józef Kostrzewski wa ku yunivesite ya Poznań, amene anabadwa mu 1885 n'kumwalira mu 1969. Anayamba kukumba mu 1934, patatha chaka chimodzi mphunzitsi Walenty Szwajcer ataona nsonga za zipilala zikutuluka m'madzi a nyanja ya Biskupin. Pansi pa thope panapezeka misewu yoyalidwa ndi mitengo komanso maziko a nyumba pafupifupi 100 zondondozana m'mizere, ndipo mitengo yambiri inadulidwa zaka zoposa 700 Khristu asanabadwe.

Chimene chinaisunga ndi thope lonyowalo, chifukwa silinkalola mpweya kulowa, choncho tizilombo towoletsa sitinathe kukhalamo. Chomvetsa chisoni n'chakuti kufukulako n'kumene kunaiika pangozi, popeza itangowombedwa ndi mphepo inayamba kung'aluka.

Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse Kostrzewski anabisala pogwiritsa ntchito dzina lina, ndipo nkhondo itatha, wophunzira wake Zdzisław Rajewski ndiye anapitiriza ntchitoyo.