Kabotolo ka chimbudzi andipatsa ku kiliniki, amene anapangapo andithandize

Wa Makawa: Moni akuluakulu, funso langa ndi la manyazi koma ndifunsabe. Mmimba mukumangolira, lero kutsegula mawa kusiya, ku ntchito ya simenti mphamvu zikumathera panjira. Vermox, mankhwala a njoka za m'mimba aja, ndakhala ndikumwa wogula pa chemist koma palibe chasintha. Lero sister wandipatsa kabotolo kuti ndibweretse chimbudzi ayeze, ndiye zimenezi amatani?

Mjomba Durban: kkkkk aise usakadzazetu botolo ngati ukupereka ndiwo kwa apongozi

Anaphiri Leeds: Mjomba siyani kuseka mnzanu. Achimwene tsegulani kabotoloko muona kasupuni kali pa chivindikiro, kameneko ndi kotapira, pang'ono chabe pakukwana. Musatape za mu toilet zomwe zagwera m'madzi ndipo zisasakanizike ndi mkodzo, yambani mwakodza kaye kenako muyale pepala la pulasitiki kapena kontena yoyera yoti mutaya, mutape pamenepo. Ngati pali pena pooneka magazi kapena zonanda tapani pomwepo. Mulembe dzina ndi tsiku pa botolo musanayike zinthuzo, mukatseka musambe m'manja ndi sopo.

Wa Makawa: Ndingapange usiku nkukasiya mawa ndikamaweruka?

Anaphiri Leeds: Ayi chonde, chikakhalitsa tizilombo tina ngati amoeba timafa ndiye pa makina sationa bwino. Pangani mmawa mupite nacho nthawi yomweyo. Komanso musadabwe akakuuzani kuti mubweretse katatu masiku osiyana, sikuti akukuzunzani, njoka sizitulutsa mazira tsiku lililonse ndiye kamodzi kokha zikhoza kutuluka kuti mulibe kanthu chonsecho zilimo. Vermox muyambe mwaima kaye ndipo muwauze kuti munamwa liti.

Admin: Kuwonjezera apo, kuno ku South Africa pa kiliniki ya boma sayeza pomwepo, amatumiza ku labu ya boma ya NHLS ndiye zotsatira zimatenga masiku, funsani tsiku lobwerera ndipo kakhadi musataye. Ku kiliniki ya boma sulipira. Ngati pa geti pali aja otchinga obwera, osalimbana nawo, yesani kiliniki ina kapena mulawire kwambiri.

Mai a mapasa Bellville: Ine funso langa kwa achimwenewa, dzina lanulo ndi Makawa ya ku Mangochi? Mumasamba m'nyanja?

Wa Makawa: Eya mayi, ndakulira pa madzi, December yomweyi ndinali kumudzi ndimachapa makoka ndi anzanga

Mai a mapasa Bellville: Ndiye apo ndi pomwe pagona nkhani, mukanene zimenezo pakamwa panu chifukwa nesi sangalote kuti munthu ali ku Germiston anali mu Lake Malawi. Mukati bilharzia akumvani, likodzo salidziwa. Anthu timangodziwa lija lokodza magazi koma lilipo lina lokhala m'matumbo mazira ake amatulukira ku chimbudzi, ndiye apempheni ayeze zonse ziwiri. Mkodzo wake amafuna wa masana cha m'ma 10 mpaka 2 koloko, makamaka madontho omaliza aja. Ndipo Vermox likodzo salipha olo mumwe paketi yonse, mankhwala ake ndi praziquantel amene ana amamwa ku sukulu kumudzi kuja, amapereka motengera kulemera kwa thupi ndipo umamwa utadya apo ayi chizungulire.

Mjomba Durban: Zoona izi. Enanso amapezeka ndi giardia, kachilombo ka m'matumbo, chifukwa cha madzi, makamaka tikukhala m'mikukhu mpopi umodzi anthu mazana. Apo amapatsa Flagyl, ndipo ndikuchenjezeretu mphwanga, Flagyl ndi Black Label sizimwerana, usanza mpaka kuitana amako.

Gadenibhoyi Fourways: Nanga mwana akumakanda kumatako usiku, naye ndikatenge kabotolo?

Anaphiri Leeds: Zimenezo nthawi zambiri ndi timinyongolotsi toyera tija ngati ulusi, timaikira mazira pakhungu kunja usiku ndiye mu chimbudzi sationa kawirikawiri. Amamata selotepi pamalopo mmawa mwana asanasambe nkukayang'ana pa makina. Mankhwala mumwe nyumba yonse, zofunda muchape, zikhadabo mumuwenge. Koma mayi woyembekezera kapena mwana wosakwana zaka 2 afunse kaye nesi.

Mjomba Durban: Ndi inu okonda nkhumba ya pa msewu yofiira mkati, mukaona ya masese isiyeni, njoka ya m'mimba ya tapeworm imachokera kumeneko. Ukaona tizidutswa toyera tophwatalala mu chimbudzi tola uike mu botolo ukawaonetse

Anaphiri Leeds: Kwa amene muli kuno ku UK kabotolo mumatenga kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, ndipo ku England kulembetsa GP sakuyenera kukukanizani chifukwa chosowa ID kapena umboni wa adiresi. Muwauze kuti munakulira ku Malawi, pali njoka ina strongyloides imalowera kuphazi ukamayenda osavala ndipo imatha kukhala m'thupi zaka zambirimbiri phee, mu chimbudzi imavuta kuipeza amayeza magazi. Imaopsa akakupatsa mankhwala a ma steroid usakudziwa kuti unayo.

Wa Makawa: Zikomo nonse. Vuto latsala ndi la foromani, ndimuuza kuti chani mawa ndikachedwa?

Admin: Ingoti clinic appointment, ukapemphe kalata kwa sister. Ndipo kabotoloko ukakulunge bwino mu pulasitiki, mu taxi timakhala mothinana.