Mowa ukusasa chonsecho thanki ndimatsuka, ndikulakwitsa pati?

Wofulula_watsopano:
Moni nonse. Ndili ndi mathanki atatu a stainless steel, iliyonse ya malita 500, koma aka nkachiwiri mowa wa mu thanki imodzi yomweyomweyo kutuluka wosasa mpaka ndataya wonse, mtima ukundiwawa zedi. Ndimatsuka ndi sopo ndi madzi otentha kenako ndimathira bulichi pang'ono nkutsukuluza. Mkati mukuwala bwinobwino kupatula zotuwa zina zokhakhala zamatirira pansi zomwe sizikuchoka. Ndithandizeni abale.

MkuluWaChimera:
Pepani achimwene, kutaya mowa kumapweteka. Koma bulichiyo musiyeni lero lomwe, klorini wa mu bulichimo amadya stainless nkusiya timaenje tating'onoting'ono momwe mabakiteriya amabisalamo, komanso akatsalira amapatsa mowa kafungo ngati ka mankhwala. Chachiwiri, kutsuka ndi kupha tizilombo ndi ntchito ziwiri zosiyana, mankhwala ophera tizilombo sagwira pamalo pomwe pakadali litsiro. Ine ndimayamba ndi kutsukuluza yisiti yense, kenako caustic soda (mankhwala amphamvu osungunula litsiro) wa 2 peresenti m'madzi a madigiri 60 mpaka 70, azizungulira ndi pampu kudzera pa spray ball (kampira koboolaboola komwaza madzi mkati mwa thanki) kwa mphindi 30, nkutsukuluza mpaka kuterera kuthe. Zotuwazo ndi beerstone, zotsalira za mowa zomwe zimauma ngati mwala, caustic sazichotsa bwino, zimafuna asidi wa phosphoric kapena wosakaniza ndi nitric, ndipo ndikukhulupirira kuti mabakiteriya a Lactobacillus amene akusasitsa mowa wanu akukhala mmenemo. Pomaliza mankhwala ophera tizilombo a peracetic acid, pafupifupi 150 ppm (magawo 150 pa miliyoni), mukatsala pang'ono kuthira mowa, ameneyu osatsukuluzanso ayi.

Mayi_Hops:
Akuluwa anena zoona, ndingowonjezera chimodzi chomwe chimandiopsa. Musanathire caustic tsegulani thanki mpweya wa CO2 wochokera ku mowa utuluke kaye, chifukwa caustic amameza CO2 ndiye ngati mwatseka paliponse thanki imafwaphira mkati ngati chitini chopondedwa, komanso caustic yemweyo amatha mphamvu. Chimodzimodzi kuthira madzi ozizira mu thanki yotentha yotseka. Ndipo chonde musalowetsemo mutu kuti muone ngati mwayera CO2 asanatuluke, munthu amakomoka osazindikira. Magolovesi ndi magalasi oteteza maso muzivala, caustic muzithira m'madzi osati madzi mu caustic, ndipo asidi asakumane ndi bulichi.

Chiswe77:
Poti ndi thanki imodzi yokha ikuvutayo, ine ndikukayikira timarabala ta m'mavalavu ndi kampopi kolawira mowa kaja. Mumamasula? Spray ball safika mmenemo.

Wofulula_watsopano:
Zikomo kwambiri nonse. Ndamasula kampopi kolawira madzulo ano, rabala yake yang'ambika ndipo kuseri kwake kuli zakuda zonanda zonunkha, chigulireni thankiyi sindinamasulepo. Nanga zotuwazo ndingapale ndi waya wotsukira mapoto podikira kuti ndipeze asidi?

MkuluWaChimera:
Ayi achimwene, waya amakanda chitsulo nkusiya tizidutswa tomwe timayambitsa dzimbiri. Dikirani asidiyo, ngati mpofunika kupukuta ndi siponji yofewa basi. Marabala sinthani onse, a mathanki enawonso muwaone.